Koyamba kudya zakudya za ku Russia pa lesitilanti: tiitanitse chiyani?

Tiyamike: Moni nonse. Loweruka likubwerali tikupita anthu anayi ku lesitilanti ya zakudya za ku Russia pafupi ndi kumene tikukhala kuno ku Moscow. Tonse n'koyamba. Mmodzi sadya nkhumba, wina samwa mowa. Menyu tayiona, koma ndi mayina okhaokha, palibe chimene tikutolapo. Tiyambire pati kuti tisataye ndalama pa zinthu zoti tikangozisiya m'mbale?

Nangozo: Achemwali, choyamba chotsani m'mutu zoti kubwera mbale imodzi yaikulu ndi ndiwo pambali. Chakudya cha kuno chimabwera m'magawo. Menyu imayamba ndi zakuski, tizakudya tozizira totsegulira kukhosi. Kenako pervoye, kutanthauza "choyamba", ameneyo ndi supu. Kenako vtoroye, "chachiwiri", nyama kapena nsomba yotentha. Pomaliza tiyi ndi zotsekemera.

Pafupi ndi dzina la chakudya muona manambala ngati 300/30. Umenewo si mtengo, ndi magalamu: 300 a supu, 30 a smetana. Manambalawa ndi amene akuuzeni ngati mukhuta kapena ayi. Supu wa magalamu 300 mpaka 350 ndi mbale ya munthu mmodzi. Saladi wa magalamu 200 anthu awiri akhoza kugawana.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi garnir, chakudya chapambali chodyera nyama kapena nsomba. Mukaitanitsa kotlety zokha, m'malo ambiri zibwera ziwiri pa mbale yopanda china chilichonse, chifukwa mbatatesi, mpunga kapena grechka zimaitanitsidwa padera ndipo zili ndi mtengo wake. Pa menyu mukaona manambala atatu, ngati 120/150/30, ndiye kuti garnir ilimo kale. Mukaona imodzi yokha, funsani.

Che Bwanali: Nkhani ya nkhumba ndiyambe nayo, chifukwa imabisala malo amene simukuyembekezera. Sungani mawu awa pa foni: свинина, amawerenga kuti svinina, ndi nkhumba. Govyadina ndi ng'ombe, kuritsa ndi nkhuku, baranina ndi nkhosa. Pofunsa nenani "bez svininy", kutanthauza popanda nkhumba.

Malo obisalira ndi awa. Pelmeni wamba amaikamo nyama yogaya yosakaniza ng'ombe ndi nkhumba, ndipo menyu imangolemba kuti "domashniye", zapakhomo. Kotlety chimodzimodzi. Solyanka ya nyama, yomwe ndi supu, imakhala ndi masoseji ndi nyama zowamba zosiyanasiyana, ndiye musayerekeze. Saladi ya Olivier nthawi zambiri amaikamo soseji yophika ya doktorskaya, yomwe ili ndi nkhumba. Mnzake wa nkhuku amatchedwa Stolichny. Borshch akhoza kukhala wa msuzi wa ng'ombe koma pambali n'kubwera ndi tizidutswa toyera tooneka ngati tchizi. Si tchizi ayi, ndi salo, mafuta a nkhumba othira mchere.

Njira yachidule kwa mnzanuyo ndi kufunsa ngati ali ndi postnoye menyu. Ndi zakudya za nthawi yosala ya mpingo wa Orthodox, zopanda nyama, mkaka ndi mazira. Malesitilanti ambiri amazitulutsa masabata oyandikira Pasaka.

Kondwani: Supu yambani ndi borshch, musavutike n'kusankha. Koma dziwani mmene wabwino amaonekera. Akhale wofiira kwambiri ngati madzi a chidede, osati wotuwira ngati dothi la katondo. Mtunduwo umachokera ku bitiruti, ndipo bitiruti ikawira nthawi yaitali popanda chowawasa imataya mtundu. N'chifukwa chake wophika wodziwa amaikazinga payokha ndi tomato ndi supuni imodzi ya viniga kapena madzi a ndimu, n'kuithira mumphika kumapeto, mphindi 10 zotsiriza. Mbatatesi ndi kabichi zimayamba kupsa zokha mumsuzi, chifukwa mbatatesi ikakumana ndi viniga isanapse imauma, siifewanso ngakhale muiphike ola lathunthu. Ndiye mukapeza mbatatesi yolimba mu borshch mudziwe kuti wophika anathamangira kuthira chowawasa.

Smetana muike supuni imodzi pakati, mulawe kaye musanatakase. Ena amatakasa mpaka supu yense asanduke pinki, ena amatapa pang'onopang'ono. Zonse n'zololedwa.

Mphatso: Achimwene Kondwani, pang'ono pokha. Borshch ndi chakudya chimene anthu a ku Ukraine amachitenga kuti ndi chawo, ndipo mu 2022 UNESCO inalemba kaphikidwe ka borshch ka ku Ukraine pa mndandanda wa chikhalidwe chofunika kutetezedwa mwachangu. Ku Russia amadya tsiku ndi tsiku, palibe akukana, koma wofuna supu amene ndi wa Arasha enieni ndi shchi: kabichi, nyama ya ng'ombe, anyezi, karoti, mbatatesi. Alipo wa mitundu iwiri. Wa kabichi watsopano ndi wofatsa, aliyense adya. Wa kabichi wosasitsa, kislye shchi, ndi wowawasa ndipo fungo lake limadabwitsa woyamba kumene.

Kondwani: Zoona, koma funso ndi loti aitanitse chiyani pa menyu imene ili patsogolo pawo. Anthu anayi, atenge borshch awiri ndi shchi awiri, asinthane masupuni.

Mayi Gondwe: Ana inu mukukamba za supu koma simunawauze smetana ndi chiyani, pamene ndi imene akumane nayo pa mbale iliyonse. Ndi kirimu wosasa, wa mafuta pakati pa 15 ndi 25 peresenti. Kuwawasa kwake kukufanana ndi chambiko koma ndi wolimba, supuni imaima. Amaika mu supu, pa pelmeni, pa blini, ngakhale mu keke. Amene mkaka umamuvuta m'mimba anene msanga "bez smetany".

Ndipo muzolowere kuti chakudyachi sichidalira tsabola. Kukoma kwake kuli mu kuwawasa, mchere, batala ndi masamba onunkhira otchedwa ukrop, amene pa Chingerezi amati dill. Munthu akamayembekezera kuyabwa kwa kambuzi anena kuti zonse n'zozizira m'kamwa. Wofuna moto apemphe zinthu zitatu: khren, gorchitsa kapena adjika. Khren ndi muzu woyera wopala, gorchitsa ndi masitadi wa kuno. Ziwirizi siziwotcha lilime, zimakwera m'mphuno mpaka misozi, ndiye muyambe ndi nsonga ya mpeni. Adjika yokha ndi imene ili ndi tsabola weniweni, yochokera ku Caucasus.

Tiyamike: Zikomo mayi. Nanga pelmeni ndi vareniki n'zosiyana bwanji? Pa zithunzi zikuoneka zofanana.

Mayi Gondwe: Pelmeni ndi ting'onoting'ono, tozungulira ngati khutu, ndipo m'kati mumakhala nyama yaiwisi imene imapsera limodzi ndi ufa wake m'madzi. Vareniki ndi zokulirapo, zooneka ngati mwezi wokhala, m'kati mumakhala mbatatesi yophika, kabichi, bowa, tvorog (mkaka wosasa wofinya) kapena zipatso za cherry. Ndiye mnzanu wosadya nkhumba vareniki za mbatatesi ndi bowa zimuyenera, bola afunse ngati pamwamba sanawazepo shkvarki, tinyenyeswa ta salo tokazinga.

Kuti mudziwe ngati pelmeni apanga okha kapena agula za m'paketi, onani maonekedwe. Zamanja sizifanana ndendende, msoko wake umaoneka. Ufa wake ukhale wopyapyala, mamilimita awiri osapitirira. Mukaluma mutuluke kamsuzi pang'ono. Nyama ikakhala youma ngati mpira ndiye kuti sanathiremo anyezi wokwanira kapena madzi.

Kwa ofuna kuyesa kunyumba muyeso ndi uwu. Ufa wa tirigu magalamu 300, dzira limodzi, madzi ozizira mamililita 120 mpaka 140, theka la supuni yaing'ono ya mchere. Kandani mpaka ulimbe, vundikirani mphindi 30. Mukadumpha kupumitsaku ufa umabwerera pomwe mukuupulula ndipo umang'ambika. Zam'kati: nyama yogaya magalamu 400, anyezi wamkulu mmodzi wopala, mchere, tsabola wakuda, ndi masupuni atatu a madzi ozizira kwambiri. Dulani timabwalo ta masentimita asanu ndi kapu yaing'ono, ikani supuni yaing'ono ya nyama, pindani, tsinani m'mphepete, lumikizani nsonga ziwirizo. Madzi akhale ambiri, malita atatu pa theka la kilo, a mchere ndi tsamba la bay. Ponyani madzi akubwata, takasani kamodzi kuti zisamatirire pansi. Zikayandama werengani mphindi 5 mpaka 7. Za mufiriji musazisungunule, ponyani zili gwa. Zikasungunuka zimamatana n'kuphulika.

Che Bwanali: Pa kadyedwe ndiwonjezere. Smetana ndi batala ndi zimene zimabwera nazo, koma yesaninso dontho la viniga ndi tsabola wakuda. Mafuta a nyama amadulika, mukhoza kumaliza mbale yonse osatopa nayo. Mbale ya magalamu 250 ikhoza kuoneka yochepa koma imakhutitsa, makamaka pambuyo pa supu ndi buledi.

Nangozo: Viniga pa pelmeni za nkhuku kapena nsomba ayi, amapha kukoma konse. Pa za ng'ombe ndikuvomereza.

Kondwani: Tsopano tikambe za zakuski, chifukwa apa ndi pamene anthu amathawira. Ine ndikuti atenge kholodets mbale imodzi anthu onse. Aliyense amene anasiyapo mang'ina mumphika usiku wa mu June n'kupeza m'mawa msuzi wagwirana akudziwa kale chakudyachi. Amatenga miyendo ya nkhumba kapena ya ng'ombe ndi nyama ya mafupa, madzi pafupifupi malita awiri pa kilo, n'kuphika pa moto wochepa maola 6 mpaka 8, osalola kuti zibwate. Zikabwata msuzi umachita mbuu. Kenako amanyenya nyama, kuthira adyo, kusefa msuzi, n'kuziziritsa usiku wonse. Wabwino safuna jelatini wa m'paketi, mafupa ndi khungu zimagwira zokha. Mukamudula akhale wonjenjemera ndipo asungunuke m'kamwa. Akakhala wolimba ngati labala, anathiramo jelatini wambiri.

Mayi Gondwe: Kondwani mwana wanga, mang'ina timadya otentha. Kupatsa munthu msuzi wozizira wogwirana tsiku loyamba n'kumuthamangitsa. Asiye za ulendo wachiwiri. Komanso nthawi zambiri ndi wa nkhumba.

Kondwani: Ndi khren pamwamba ndi buledi wakuda amalowa bwino mayi. Koma chabwino, ndagonja theka. Akhale wa ofuna okha.

Mphatso: Chimene ndingawachenjeze kwambiri ndi selyodka. Ndi nsomba ya herring yothira mchere, yosaphika, yosawamba, yosayanika. Si yoopsa, mchere ndi umene umaisunga, koma kwa munthu wozolowera usipa wouma kapena chambo chokazinga, kufewa kwake kumadabwitsa. Imadyedwa ndi mbatatesi yophika yotentha ndi anyezi waiwisi, zonse pa foloko imodzi. Yokha ndi mchere wokhawokha.

Njira yosavuta yolowera ndi selyodka pod shuboy, dzina lake likutanthauza nsomba yovala chijasi chaubweya. Amayala m'magawo: pansi nsomba yoduladula ndi anyezi, kenako mbatatesi, karoti, mazira, pamwamba bitiruti, pakati ponse mayonezi. Imayenera kugona mufiriji maola angapo kuti magawowo amwerane. Podya dulani kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mukangopala pamwamba mudya bitiruti yekha n'kudzakumana ndi mchere wonse kumapeto.

Olivier ndi wosaopsa: mbatatesi, karoti, mazira, nkhaka zamchere, nsawawa za m'chitini, nyama ndi mayonezi. Dzinali linachokera kwa Lucien Olivier, wophika wa lesitilanti ya Hermitage ku Moscow m'zaka za m'ma 1860, ngakhale wa masiku ano ndi wa nthawi ya Soviet, wotsika mtengo kuposa woyambirirayo. Koma musatenge Olivier ndi selyodka pod shuboy limodzi, mayonezi achuluka. Mmodzi wa awiriwa, kenako vinegret, amene ndi bitiruti, mbatatesi, karoti ndi nkhaka zamchere zothira mafuta a mpendadzuwa basi. Ameneyo alibe nyama ngakhale pang'ono.

Nangozo: Misampha iwiri ya mawu. Ikra si mazira a nsomba nthawi zonse. Krasnaya ikra ndi mazira ofiira a salmon, chyornaya ikra ndi akuda a sturgeon ndipo mtengo wake ndi wothyola msana, koma kabachkovaya ikra ndi phala la masamba, la zukini wokazinga ndi karoti ndi tomato. Mukaona ikra yotsika mtengo modabwitsa, ndi imeneyo. Wachiwiri: kotleta si nthuli ya nyama ya fupa, ndi nyama yogaya yosakaniza buledi woviika mu mkaka ndi anyezi, youmba n'kukazinga.

Kotleta po-kievski ndiye yosiyana. Ndi chidali cha nkhuku chokulunga batala wozizira, chokutidwa ndi nyenyeswa za buledi. Batalayo amasungunuka m'kati ndipo amakhala wotentha. Bayani kaye ndi foloko pafupi ndi kumapeto, mudikire atuluke pang'onopang'ono, kenako dulani. Mukangodula pakati ndi mpeni, malaya apita. Ikabwera youma m'kati ndiye kuti inabooka pokazinga batala n'kuthawira mu mafuta. Muli ndi ufulu wodandaula.

Tiyamike: Beef Stroganoff ndi imene dzina lake tikulidziwa. Ndi yabwino kuyamba nayo? Ndipo grechka ndi chiyani?

Che Bwanali: Ndi yabwino, ndipo ndi ng'ombe yokha. Nyama amaidula timizere topyapyala modutsa mitsempha, n'kuikazinga msangamsanga pa chiwaya chotentha kwambiri, pang'onopang'ono osadzaza. Akadzaza chiwaya nyama imatulutsa madzi, imaphikika m'malo mokazingika, n'kulimba. Smetana amathira kumapeto moto atachepetsa, ndi ufa pang'ono womangira. Msuzi ukaoneka ndi timibulu toyera ndiye kuti smetana inabwata kapena inali ya mafuta ochepa. Garnir yake yoyenera ndi pyure, mbatatesi yoponda.

Grechka ndi njere zofiirira za nsonga zitatu, za mbewu ya buckwheat. Si tirigu, ndipo ilibe gluten. Fungo lake lili ngati la mtedza wokazinga wosakanikirana ndi dothi lonyowa, ena amalikonda tsiku lomwelo, ena zimawatengera nthawi. Kuphika kwake ndi kapu imodzi ya grechka, makapu awiri a madzi, kuvundikira, moto wochepa mphindi 15 mpaka 20, osatakasa ngakhale kamodzi, kenako batala ndi kuisiya ipume mphindi 10. Yabwino njere zake zimayoyoka payokhapayokha. Ikakhala phala, madzi anachuluka kapena anaivundula. Youma yopanda msuzi imatsamwitsa, ndiye itengeni ndi chakudya chamsuzi kapena ndi bowa ndi anyezi.

Mphatso: Pa menyu mukhozanso kupeza shashlik, plov, khinkali ndi khachapuri. N'zokoma, koma dziwani kuti shashlik ndi ya ku Caucasus, plov ndi ya ku Central Asia makamaka Uzbekistan, khinkali ndi khachapuri ndi za ku Georgia. Ngati cholinga n'kulawa za ku Russia, zidumpheni ulendo uno. Golubtsy, kabichi wokulunga nyama ndi mpunga, ndi pirozhki, timabanzi ta kabichi, mbatatesi kapena dzira m'kati, ndi zapafupi kwambiri ndi cholinga chimenecho.

Mayi Gondwe: Zakumwa. Wosamwa mowa atenge mors, madzi a zipatso zowawasa za cranberry, kapena kompot, zipatso zowiritsa m'madzi ndi shuga. Kvass amapanga posasitsa buledi wa rye kapena chimera chake, ndiye ganizani za thobwa logona koma losefa, lakuda, lochita thovu. Kuno samuwerengera ngati mowa ndipo ana amamwa, koma amakhala ndi kamowa kofika pafupifupi 1 peresenti. Amene amapewa chifukwa cha chipembedzo adziwiretu.

Madzi sabwera aulere m'malo ambiri. Nenani "voda bez gaza" ngati simufuna a mpweya. Akakupatsani Essentuki, makamaka nambala 17, kapena Borjomi, amenewo ndi madzi a m'zitsime zamchere, ludzu silitha.

Kondwani: Kwa akumwa, vodka imagulitsidwa pa muyeso, mamililita 50 kapena 100, ndipo mtengo wa pa menyu ndi wa 50 imodzi, osati botolo. Ndi 40 peresenti. Imabwera yozizira, imamwedwa kamodzi, n'kutsatiza nkhaka yamchere kapena selyodka nthawi yomweyo. Zakuski zamchere zija ntchito yake ndi imeneyi. Yopanda chakudya imakugwetsani supu asanafike.

Nangozo: Buledi musamuiwale, ndipo nthawi zambiri amalipiritsa padera. Pemphani wakuda. Borodinsky ndi wa rye, wolemera, wotsekemera pang'ono ndi wowawasa, pamwamba pali njere za coriander. Amadyera supu, kuluma buledi, kumwa supuni.

Mukalowa m'nyengo yozizira, majasi amasiyidwa ku garderob pakhomo ndipo akupatsani kanambala, musakataye. Bilu sabweretsa mpaka mutaipempha, "schyot, pozhaluysta". Yothokoza woperekera ndi pafupifupi 10 peresenti. Mukanapita pakati pa sabata masana mukanapeza biznes-lanch, saladi, supu, chotentha ndi chakumwa pa mtengo umodzi wotsika, koma Loweruka m'malo ambiri kulibe.

Tiyamike: Ndalemba motere, mundikonze. Toyambira: Stolichny imodzi, vinegret imodzi, nkhaka zamchere, buledi wakuda. Supu: borshch awiri, shchi awiri, titafunsa za msuzi wake. Zotentha: pelmeni imodzi, vareniki za mbatatesi imodzi, Stroganoff ndi pyure, kotleta po-kievski ndi grechka. Mors jagi imodzi.

Mayi Gondwe: Zakwana, mwinanso zachuluka. Zotentha zitatu pa anthu anayi zikhoza kukukwanirani ngati mukufuna malo a zotsekemera, ndipo malowo asiyeni. Medovik ndi keke ya uchi ya magawo opyapyala asanu ndi atatu kapena kupitirira, opaka kirimu wa smetana. Imafuna kugona usiku wonse kuti ifewe; ikakhala yokhukhuta ngati bisiketi ndiye kuti ndi ya lero lomwe. Chidutswa chimodzi anthu awiri. Syrniki ndi tizitumbuwa ta tvorog, mkaka wosasa wofinya, tokazinga pa chiwaya. Abwino amakhala ofewa m'kati chifukwa ufa ndi wochepa, masupuni awiri kapena atatu pa magalamu 400 a tvorog. Blini ndi zopyapyala ngati chitenje, za sgushchyonka, mkaka wa kondensi uja. Tiyi abwera wakuda ndi kagawo ka ndimu, mkaka mupemphe nokha.

Che Bwanali: Kotleta po-kievski ndi grechka sizigwirizana kwenikweni, zonse zilibe msuzi kupatula batala uja. Sinthanitsani: grechka ipite kwa Stroganoff imwe msuzi, pyure ipite kwa nkhuku.

Kondwani: Ndipo kholodets?

Tiyamike: Ameneyo tikamuonera pa tebulo la anthu ena kaye, achimwene.